Zisakasa zikuchulukiranji m'mizinda yathu ya maiko osauka?

Chisomo:
Moni nonse pagulu pano. Pali funso limene landisowetsa mtendere sabata yonseyi. Bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu, la UN-Habitat, limati anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi akukhala m'madera a zisakasa, kumene madzi abwino, zimbudzi, nyumba zolimba kapena chikalata cha malo n'zosowa. Mu 2001 anali pafupifupi 924 miliyoni. Ndiye kuti pa zaka zonsezi za misonkhano, mapulani ndi kugumula, chiwerengero chakwera. Chimene chikukuza maderawa kwenikweni n'chiyani? Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa.

Jere:
Achemwali, yankho lake silovuta. Anthu akuchoka kumidzi mwaunyinji. Munda wachepa, nthaka yaguga, mvula siikudziwikanso, ndiye mnyamata amanyamula kachikwama n'kukwera basi. Akafika alibe pogona, amazika mitengo inayi n'kufolera ndi pulasitiki. Mwezi usanathe kwabwera msuweni wake. Maboma atasamalira kumidzi, zisakasa zikhoza kuchepa zokha.

Nasibeko:
Bambo Jere, zimene mukunenazo zilipo, koma si zazikulu monga ambirife timaganizira. Ndagwira ntchito ya mapulani a mizinda kwa zaka zambiri ndipo inenso ndinayamba ndi maganizo omwewo. Akatswiri a kalembera anapeza kalekale kuti m'maiko amene akutukuka kumene, pafupifupi magawo 6 mwa 10 a kukula kwa mizinda amachokera kwa ana obadwira mumzinda momwemo. Gawo lina ndi midzi yoyandikana imene mzinda umaimeza ukamafutukuka. Munthu sanasamuke, mzinda wamupeza pakhomo pake. Tsono ngakhale mutatseka misewu yonse yochokera kumidzi lero, mwana wobadwira m'chipinda chimodzi cha lendi adzakula, adzakwatira, adzafuna pakepake. Adzalowera kuti? Kumudzi kumene mukunenako iye sanapondeko.

Jere:
Nanga Luanda, amayi? Nkhondo ya ku Angola, kuyambira 1975 mpaka 2002, inathamangitsira anthu ochuluka zedi mumzinda umenewo, ndipo madera amene iwo amawatcha musseques anadzaza ndi othawa zipolopolo. Ku Dhaka, likulu la Bangladesh, nako, mitsinje ikamadya minda ndi namondwe akamasesa midzi ya kunyanja, anthu amakathera kudera la zisakasa la Korail ndi malo ena otero. Amenewo sanabadwire m'tauni.

Nasibeko:
Pamenepo sindikutsutsani. Nkhondo ndi madzi zimatha kukhuthulira anthu mumzinda nthawi imodzi. Koma kubwera kwa anthu ndi nkhani ina, kumene akukafikira ndi nkhani inanso. Chisomo sanafunse chifukwa chimene mizinda ikukulira. Wafunsa chifukwa chimene ikukulira kunja kwa lamulo.

Nangozo:
Ndiloleni ndilankhule monga munthu amene anakhalamo, zaka 11. Ine ndinabadwira m'tauni. Nditangokwatiwa tinapeza nyumba yabwinoko ya njerwa zowotcha kunja kwenikweni kwa mzinda, lendi yake yotsika. Tinakhalamo miyezi 7 yokha. Ine ndinkachapa ndi kusita m'makomo mwa anthu, abambo akunyumba ankasenza katundu pamsika waukulu. Ntchito zotere zilibe kalata, ukachedwa pang'ono wina watenga. Kuti tifike m'bandakucha tinkakwera minibasi ziwiri aliyense, ndipo tikakhala pansi madzulo kuwerengera, thiransipoti inali itadya pafupifupi theka la zimene tapeza. Tsiku lopanda ganyu ndiye kuti walipira ulendo wa chabe.

Tinasamukira m'chipinda chimodzi cha malata m'mphepete mwa ngalande, chifukwa kuchokera pamenepo tinkafika kuntchito wapansi. Tinkadziwa kuti dzinja madzi amalowa m'nyumba. Tinkadziwa kuti chimbudzi n'chimodzi, mabanja 9. Palibe anatinamiza. Tinawerengera, ndipo nyumba yabwino ija inali yotigonetsa ndi njala. Anthu akamati okhala m'zisakasa ndi osaganiza bwino zimandipweteka, chifukwa sindinaonepo anthu owerengera mosamala ngati amene ndinkakhala nawo kumeneko.

Mai a Tadala:
Achemwali a Nangozo, mwanena zimene ndimaziona tsiku ndi tsiku pantchito yanga ya unamwino. Ndipo taonani malo amene maderawa amamera: m'madambo, m'mphepete mwa njanji, m'matherezi a mapiri, pafupi ndi mtaya. Malo abwino apafupi ndi ntchito ali ndi eni ake ndipo ali ndi alonda. Otsala ndi amene aliyense anawakana, ndipo ndi okhawo amene wosauka angakhalepo osathamangitsidwa mawa lake. Mu Marichi 2017 mulu wa zinyalala wa Koshe ku Addis Ababa unagumukira nyumba n'kupha anthu oposa 100. Mu Ogasiti chaka chomwecho phiri linatsetsereka ku Freetown, ku Sierra Leone, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ngozi anthuwo ankaidziwa. Kolowera kwina kunalibe.

Mbewe wa Zomanga:
Ine ndine mmisiri, ndamanga nyumba zaka 24, za mapulani ndi zopanda mapulani zomwe. Chimene ndikufuna muchione n'chakuti malamulo a kamangidwe m'mizinda yambiri analembedwera munthu amene ali ndi ndalama zonse tsiku limodzi. Poloti ikhale yayikulu chakuti, nyumba italikire msewu chakuti, pulani ijambulidwe ndi katswiri, idindidwe kukhonsolo, zipangizo zikhale izi osati izo. Palibe lamulo mwa amenewa limene lili loipa palokha. Koma mukawaphatikiza, nyumba yotchipitsitsa imene lamulo likuloleza imaposa kutali ndalama za munthu wogulitsa pamsika.

Wosauka samanga choncho. Chaka chino chipinda chimodzi. Akapeza kenakake, matumba awiri a simenti, wazira pansi. Chaka chamawa malata ena anayi. Ndaonapo nyumba yotha bwinobwino patapita zaka 15, yolimba kuposa zina za m'madera a mapulani. Komatu pamaso pa lamulo, kuyambira njerwa yoyamba, nyumbayo ndi mlandu. Kubanki nako safuna kumva, chifukwa ngongole ya nyumba imafuna chikole ndi kalata ya malipiro a pamwezi, ndipo anthu ambiri m'mizinda imeneyi alibe zonse ziwiri.

Agogo Nkhoma:
Ana anga, ndinaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma, ndiye mundipirire ndikatalikitsa. Malamulo amene a Mbewe akunenawo ali ndi kwawo. Lamulo la mapulani a mizinda la ku Nigeria la 1946 analitengera ku lamulo la ku Britain la 1932, ndipo maiko ena ambiri olamulidwa ndi Angerezi analandira ofanana nalo. Mizinda ya atsamunda sinamangidwe kuti munthu wakuda akhalemo ndi banja lake. Ankafunika manja ake masana, usiku asaoneke. Ku Kenya mwamuna ankayenda ndi chitupa cha kipande pakhosi. Ku South Africa lamulo la 1923 linkaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni, wololedwa pokhapokha akutumikira, ndipo malamulo a mapasi anathetsedwa mu 1986. Chipata chitatseguka anthu analowa, koma nyumba zowalandira zinali zisanamangidwe chiyambire.

Tengani Kibera ku Nairobi. Poyamba penipeni boma la atsamunda linaloleza asilikali achinubi, mtundu wochokera ku Sudan, a gulu lankhondo la King's African Rifles kukhala pamenepo, ndipo mu 1918 malowo analembedwa ngati a asilikali. Anawalola kukhala, chikalata sanawapatse. Anubiwo anadzalandira chikalata cha maekala 288 mu 2017, patapita pafupifupi zaka 100. Ku Rio de Janeiro nkhani ndi yofanana. Mu 1897 asilikali obwera kunkhondo ya Canudos anamanga zisakasa paphiri la Providência podikira zimene boma linawalonjeza, ndipo dzina loti favela, limene amatchulira madera a zisakasa kumeneko, linayambira pamenepo. Kalembera wa ku Brazil wa 2022 anapeza anthu 16.4 miliyoni akukhala m'madera otere. Malo amene anayamba ngati pongodikirira.

Chisomo:
Agogo, zikomo kwambiri, izi sindinkazidziwa. Koma ndifunse mosabisa. Maiko ambiri a mu Africa akhala akudzilamulira kwa zaka zoposa 60, Brazil ndiye kuyambira 1822. Kodi tidzaloza chala atsamunda mpaka liti?

Agogo Nkhoma:
Wafunsa bwino mwana wanga, ndipo ine sindikuwachotsera mlandu atsogoleri athu. Atsamunda atachoka, akuluakulu atsopano analowa m'nyumba za kumpanda zija, malamulo n'kuwasiya mmene analili, chifukwa tsopano ankateteza iwowo. Maboma ena anayesako kumanga nyumba, koma zambiri zinkapita kwa ogwira ntchito m'boma. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 kunabwera ngongole za IMF ndi World Bank ndi mfundo zake zochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Kumanga kunaima, ambiri anachotsedwa ntchito, koma ana sanasiye kubadwa. Walira mvula walira matope: mzinda umene ukufuna alonda, ochapa, oyendetsa minibasi ndi osenza katundu uyenera kudziwa kuti anthuwo amagona penapake.

Nasibeko:
Ndiwonjezere za malo, chifukwa mtima wa nkhaniyi uli pamenepo. Ku Mumbai, ku India, malamulo a 1991 anati pakati pa mzinda, kukula kwa zipinda zonse za nyumba, pansi ndi m'mwamba momwe, kusapose kukula kwa poloti kuchulukitsa ndi 1.33. Mzinda wozingidwa ndi nyanja, wa anthu mamiliyoni, n'kuuletsa kukwera m'mwamba. Nyumba zololedwa zinachepa, mitengo inauluka, ndipo pa kalembera wa 2011 anthu 4 mwa 10 alionse ku Mumbai ankakhala m'madera a zisakasa.

Kwina vuto ndi njira yopezera chikalata. Katswiri wa zachuma Hernando de Soto ndi anzake atatsata njirayi ku Peru anapeza kuti kupeza chilolezo chomanga pamalo a boma kunkafuna masitepe 207 m'maofesi 52, pafupifupi zaka 7. Ine ndakhala kuseri kwa tebulo lotero ndipo zimandimvetsa chisoni kuvomereza. Tinkatulutsa mapoloti ochepa kwambiri pachaka pamene ofuna anali piringupiringu, ndipo ochepawo ankathera kwa odziwika. Ena mwa iwo sankamanga n'komwe, ankangozinga mpanda n'kudikira kuti mtengo ukwere. Munthu akaona kuti khomo lalamulo silitseguka, amapita kwa dobadoba amene amamupimira malo ndi mapazi tsiku lomwelo.

Dalitso:
Pali chinthu chimene sitinachikhudze. Tikamati zisakasa timaona m'maganizo munthu wolanda malo n'kudzimangira. Ku Latin America zinali choncho kwambiri, koma m'madera ambiri a ku Nairobi anthu ochuluka kwambiri ndi alendi. Eni zipindazo ambiri sakhala kumeneko, ndipo ena ndi anthu a maudindo ndithu. Chipinda cha matope ndi malata sichidya ndalama zambiri pomanga, msonkho palibe, kukonza palibe, lendi ikubwera mwezi ndi mwezi. Ogulitsa madzi m'zigubu amapindula mpopi ukapanda kufika. Olumikiza magetsi mwachinyengo chimodzimodzi. Wandale naye amabwera nyengo ya kampeni n'kulonjeza kuti ndikapambana simugumulidwa, ndipo lonjezo limeneli limagwira ntchito pokhapokha anthuwo akhalebe opanda chikalata. Tsono tikamafunsa chifukwa chimene maderawa sakuthera, tizifunsanso amene akudyerapo.

Nangozo:
Achimwene a Dalitso, zoona zokhazokha. Landilodi wathu pa zaka 11 ndinamuona kawiri. Ankatuma mnyamata kudzatolera. Denga likadontha tinkamata tokha ndi phula. Ndowa ya madzi tinkaigula modula kuposa mmene ankalipirira mabwana amene ndinkawachapira, iwo ali ndi mpopi m'bafa ndi wina wothirira maluwa.

Jere:
Ndamva zonsezi ndipo zina zandisintha maganizo, makamaka za a Nangozo. Koma mundilole ndikhalebe wouma mutu pa chimodzi. Mzinda wopanda lamulo si mzinda. Anthu akamanga mumsewu, ambulansi idutsa pati? Moto ukabuka galimoto yozimitsa ilowera kuti? Khonsolo ikangolekerera nyumba khumi zoyamba, zaka zisanu zikubwerazo pali nyumba 5,000. Kulekerera nakonso ndi chifukwa china chimene maderawa akukulira.

Mai a Tadala:
Za ambulansi mukunena zoona bambo, ndanyamulapo mayi woyembekezera pachitseko chifukwa galimoto inalephera kulowa. Koma kugumula kunayesedwa. Mu Julaye 1990 boma la asilikali linasalaza dera la zisakasa lotchedwa Maroko ku Lagos, anthu pafupifupi 300,000 anasowa pokhala, ndipo pamalopo lero pali nyumba za olemera. Anthu aja sanasungunuke, anakapanikizana m'madera ena. Mu 2005 ku Zimbabwe kunachitika ntchito ya boma yogumula nyumba yotchedwa Murambatsvina, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Ambiri anakamanganso zisakasa kwina, zoipa kuposa zoyamba. Ndipo munthu amene akudziwa kuti tsiku lililonse akhoza kugumulidwa sagula simenti. Amamanga za makatoni dala, kuti zikagwa asalire kwambiri. Mantha a kugumulidwa ndi amene amasunga chisakasa kukhala chisakasa.

Jere:
Nanga Singapore anatha bwanji? Nawonso anali ndi zisakasa.

Nasibeko:
Anali nazo zambiri. Koma onani zimene anachita. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe lomanga nyumba la HDB, mu 1966 anapanga lamulo lopatsa boma mphamvu zogula malo pamtengo wotsika, ndipo lero pafupifupi anthu 8 mwa 10 amakhala m'nyumba za bungwelo. Anagumula, inde, koma munthu ankachoka m'chisakasa n'kulowa m'nyumba, ndipo mafakitale anali kulemba ntchito nthawi yomweyo moti ankatha kulipira. Maiko ambiri amatengera kugumulako n'kusiya zinazo.

Kumanga kokha nakonso sikukwanira. Angola inamanga mzinda watsopano wa Kilamba kunja kwa Luanda, ndipo mu 2012 nyumba zambiri zinali zopanda anthu chifukwa cha mtengo. Boma litatsitsa mitengo munadzaza, koma ndi anthu a malipiro a pamwezi, osati a ku musseques. South Africa yapereka nyumba zaulere mamiliyoni chiyambire 1994, chinthu chachikulu ndithu, koma zambiri zili kutali ndi ntchito, ndipo ena amaika wa lendi n'kubwerera kuchisakasa chapafupi ndi tauni. N'zimene anachita a Nangozo zija.

Mbewe wa Zomanga:
Ndiponso nyumba ya wosauka si pogona pokha. Ku Dharavi, ku Mumbai komweko, anthu amaumba mbiya, amafufuta zikopa, amasoka, amasankha mapulasitiki, zonse m'nyumba momwemo kapena pakhomo. Mukamukweza woumba mbiya kukamuika m'chipinda cha m'mwamba mwa nyumba yosanja, ng'anjo yake akaiika pati? Mwamupatsa denga n'kumulanda ntchito.

Chisomo:
Ndiye palibe kumene anakuchita bwino popanda chuma cha Singapore?

Nasibeko:
Kulipo kumene ndimakuganizira kawirikawiri. Mu 1971 mabanja ambirimbiri analanda malo ku Pamplona, mumzinda wa Lima ku Peru. Boma la Juan Velasco linawasamutsira pamchenga kumwera kwa mzinda, malo opanda kanthu. Koma lisanawasiye linapima: misewu apa, mapoloti apa, pakati pa gulu lililonse la nyumba bwalo la sukulu ndi zina za onse. Anthu anayamba ndi mphasa, n'kumamanga pang'onopang'ono monga ananenera a Mbewe. Malowo ndi Villa El Salvador, lero kuli anthu pafupifupi 400,000. Anavutika zaka zambiri opanda madzi, sindikubisa, ndipo kunali kutali. Koma mapaipi atabwera anapeza njira yodutsa, palibe nyumba inagumulidwa kuti msewu ulowe. Bambo Jere, lamulo limene mukulifunalo ndi limeneli, kungoti linafika anthu asanamange. Kupima malo opanda kanthu n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kulowetsa paipi pakati pa nyumba 5,000.

Dalitso:
Ku Orangi, mumzinda wa Karachi ku Pakistan, kuyambira 1980 Akhtar Hameed Khan ndi anzake anathandiza anthu kuika okha mapaipi a zonyansa m'tinjira tawo, ndi ndalama zawo, njira ndi njira. Zimenezi zimandiuza kuti mphamvu ndi nzeru anthuwa ali nazo. Ankangofuna wowaonetsa kapendekedwe ka paipi, ndi chitsimikizo choti sathamangitsidwa.

Jere:
Chabwino, pamenepo tagwirizana. Koma a Dalitso, munanena nokha kuti ambiri ndi alendi. Mukapereka zikalata ndi mipopi, wapindula ndani? Si landilodi yemwe uja?

Dalitso:
Nthawi zambiri ndi iyeyo, ndipo funso limenelo limandivuta inenso. Ku Thailand, pa ndondomeko ya Baan Mankong imene inayamba mu 2003, malo amalembedwa m'dzina la gulu lonse la okhalamo kuti wina asagulitse payekha kwa wandalama. Zimathandiza, koma zimafuna anthu ogwirizana kale, ndipo wa lendi amene wangofika chaka chatha kawirikawiri sakhala m'kaundula.

Nangozo:
Zimenezo zinandichitikira ine. M'chaka chathu cha 11 kunabwera chitukuko. Anakumba ngalande ya simenti, anaika mpopi pafupi ndi khomo lathu, anaikanso magetsi a mumsewu. Tinasangalala kwambiri, ndinasenza nawo miyala ya ngalandeyo masiku anayi osalipidwa. Polemba maina analemba a eni nyumba. Patangopita miyezi itatu mnyamata wa landilodi uja anabwera kudzanena kuti lendi yakwera kawiri, chifukwa tsopano ndi malo abwino.

Chisomo:
Pepani amayi. Ndiye munatani?

Nangozo:
Tinalongedza. Kutsidya kwa mtsinje kunali malo amene madzi amasefukirako chaka ndi chaka, ndipo panali patangoyamba kumera tizisakasa, mwina khumi ndi tiwiri. Ife tinamanga ka 13. Ndinachokako ana atakula n'kuyamba kundithandiza, koma ndinapitako chaka chatha kukaona mnzanga wodwala, ndipo ndinasochera. Ndinachita kufunsa njira kwa ana atatu kuti ndipeze pamene panali khomo langa.